Munthu waferedwa mudzi wonse, palibe wobwera kudzapepesa: tikambirane gawo la chitoliro lija

Gulu la Okonda Makanema a Zam'mlengalenga, Salima ndi Nkhotakota

Chifundo (Kamuzu Road): Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Amene simunaonere gawo la Star Trek: The Next Generation lomwe ndinaika pa fulashi ya gulu, lotchedwa "The Inner Light", dumphani uthengawu chifukwa ndiulula zonse.

Ndikudziwa kuti ndikuponda pamene anzathu ambiri amagwada. Gawoli linatuluka mu June 1992, ndi la nambala 25 m'chaka chachisanu cha seweroli, ndipo mu 1993 linapata mphoto ya Hugo, imene imaperekedwa pa nthano za sayansi. Inenso ndimalikonda, musandimve molakwa. Koma pali chimene chikundidya mumtima.

Mwachidule kwa amene mwaiwala. Chombo cha Enterprise chikumana ndi kachipangizo kakalekale kakuyandama m'mlengalenga. Katulutsa cheza, chezacho chiboola zotchinga za chombo n'kumugwira Kaputeni Picard, iye khu! pansi. Akutsegula maso ali m'nyumba ya eni, m'mudzi wa Ressik pa dziko la Kataan, mayi wina dzina lake Eline akumutcha Kamin, ati ndi mwamuna wake amene wangotsitsimuka kumene atadwala. Poyamba akana. Zaka zipita, agonja. Abereka ana awiri, Meribor ndi Batai, aphunzira chitoliro, mnzake wapamtima amwalira, mkazi amwalira, aona mdzukulu. Nthawi yonseyi dzuwa lawo likunka liotcha, madzi akuphwa, nthaka ikufa. Ali nkhalamba amutengera kukaona roketi ikunyamuka, akufa aja n'kutulukira kudzamuuza kuti onse anatha zaka 1,000 zapitazo, ndipo roketiyo ndi kachipangizo komwe kaja, anakatumiza kuti kakapeze munthu woti aziwakumbukira. Adzuka pa Enterprise, amuuza kuti wakomoka mphindi 25 zokha.

Tsono dandaulo langa. Munthuyu waferedwa mkazi, ana, mdzukulu ndi mudzi wonse nthawi imodzi. Kwa iye si maloto, wakhala nawo zaka pafupifupi 40. Chombo chonse chija cha anthu oposa 1,000, ndani anabwera kudzakhala naye? Riker, wachiwiri wake, alowa ndi kabokosi ka chitoliro kopezeka m'kachipangizo kaja, apereka, atembenuka, atuluka. Basi. Troi, amene ntchito yake pachombopo ndi yomweyi yolimbikitsa osweka mtima, m'gawoli saoneka n'komwe. Chitoliro chilira, ife tigwetsa misozi n'kumati bamboyu walandira mphatso. Mphatso yanji? Gawo lotsatira ali pampando wake akulamula bwinobwino.

Gift: Kkkk achimwene mwalemba kalata yonse yopita kwa a DC. Ine changa n'chimodzi. Zaka 40 pa mphindi 25! Kachipangizo kameneko kabwere kuno kadzandiphunzitse Fomu 1 mpaka yunivesite ndili m'minibasi pa depoti kudikira kuti idzaze.

Mayi a Tadala: A Chifundo, apa ndiye sindikugwirizana nanu. Riker anachita mwaulemu. Anaona nkhope ya bwana wake n'kudziwa kuti palibe mawu angakwane. Mukanafuna anene chiyani? Pepani? Pepani wa chiyani, poti iyeyo anangoona munthu ali gone pansi kwa mphindi zochepa? Onerani bwino pamene Picard akuchikumbatira chitolirocho pachifuwa asanachiimbe. Akanati m'chipindamo muli anthu ena, Patrick Stewart, amene amasewera Picard, sakanasewera choncho, chifukwa Picard ndi munthu wosalira pagulu. Malo amenewo ndi amene anandiliza ine, osati imfa ya Eline.

Chifundo (Kamuzu Road): Amayi, ndani amati pamaliro timakalankhula? Timakakhala. Azibambo panja pamoto, azimayi m'nyumba ya siwa, mpaka kucha, ena osatsegula n'komwe pakamwa. Riker sanakhale pansi ngakhale mphindi imodzi. Maliro n'kulirana, nanga uyu anamulirira ndani?

Mayi a Tadala: Mukuyeza azungu a m'chombo ndi muyeso wa kwa Khombedza.

Chifundo (Kamuzu Road): Muyeso ndili nawo ndi womwewo. Komanso seweroli lomweli linadziwa kuchita zimenezi. Picard atagwidwa ndi adani otchedwa Borg mu 1990, olemba anapereka gawo lathunthu, "Family", loti apite kwawo ku France akalire pamaso pa mkulu wake m'munda wa mphesa. A Borgwo anamusunga masiku ochepa chabe. Kuno zaka 40, osapatsidwa ngakhale tchuthi.

Che Bwanali (Linga): Ana anga, ndawerenga zonse. Ine kanemayu ndinaonera ndi adzukulu pa laputopu, ndipo sindinaone chachilendo chimene mukudabwa nacho. Kuchimake kwa mayi anga, cha ku Mwansambo, nkhani ngati imeneyi inali yodziwika. Womwalira akaona kuti mwamuiwala amabwera kutulo, kapena amagwira munthu wamoyo, munthuyo n'kuyamba kubwebweta ndi mawu osakhala ake. Samapempha chilolezo. Samasankhanso wachibale weniweni nthawi zonse, amagwira amene wamupeza. Anthu a ku Kataan achita zomwezo, kungoti iwo anagwiritsa ntchito waya ndi chitsulo. Ine lero ndine munthu wa kumzikiti, zimenezo ndinazisiya, koma pamene mayi uja anatulukira ali mtsikana n'kumupempha mwamuna wake kuti akauze ena za iwo, ndinati awa ndi mizimu basi, ikupempha chikumbutso.

Nachisale (Lifuwu): Che Bwanali mwaigwira pakhosi. Koma mukapitiriza fanizo lanulo mupeza kuti likuthandiza a Chifundo. Mzimu ukagwira munthu, mudzi sumusiya yekha m'chipinda. Akuluakulu amasonkhana, amafunsa chimene ukufuna, amafulula mowa, amathira nsembe, dzina limatchulidwa pagulu, mwina mwana wobadwa amapatsidwa dzinalo. Kenako wogwidwayo amamasuka, katundu uja wagawidwa kwa onse. Picard ndani anamutula? Anthu a dziko lonse, nyimbo zawo, mayina awo, zonse zili m'mutu umodzi wa bambo wosakwatira, wopanda mwana, wosakonda kukamba zakukhosi. Tsiku limene adzamwalire, Kataan adzafa kachiwiri. Ndipo kachipangizo kaja katamaliza naye kanazimiratu, sikangagwirenso wina. Anthu anzeru zotere analephera bwanji kuganiza kuti wogwidwayo akhoza kukhala chidakwa, kapena Ferengi, mtundu wokonda ndalama wa m'seweroli, woti chitolirocho akagulitsa mawa lake?

Gift: Akanagwira Worf, msilikali waukali wa m'chombomo, bwenzi zaka 40 zonse akumenya anthu a m'mudzimo kkkk

Che Bwanali (Linga): Mwanangu Nachisale, zoona. Koma munthu akumira sasankha dzanja.

Aphunzitsi a Sayansi (Chipoka): Moni nonse, ndinali kuchonga mapepala. Ndilowe ndi mbali yanga, mundikhululukire kutalikitsa.

Choyamba, dzuwa lija. M'kanemamo akuti linachita nova. Nova yeniyeni simachitika pa nyenyezi yokhala yokha. Pamafunika nyenyezi ziwiri zozungulirana pafupi, ina yaing'ono yotheratu kale mafuta, imene imakoka mpweya wa inzakeyo mpaka mpweyawo utaunjikana pamwamba pake n'kuphulika. Nyenyeziyo simafa, ikhoza kubwerezanso. Kuphulika kotheratu, supernova, kumafuna nyenyezi yolemera pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa dzuwa lathu, ndipo zoterozo zimakhala zaka zosapitirira mamiliyoni makumi angapo, nthawi yosakwana kuti padziko lozizungulira pamere mtengo, kuli bwanji anthu oimba zitoliro. Dzuwa ngati lathu limakalamba pang'onopang'ono. Lili ndi zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, latsala ndi zina ngati 5 biliyoni lisanafufume n'kufiira, ndipo kuwala kwake kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 pa zaka pafupifupi biliyoni imodzi. Palibe munthu angaone kusinthako pa moyo wake, ngakhale atakhala pakhonde ndi telesikopu usiku uliwonse ngati Kamin.

Chachiwiri ndi chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri. Mkulu wina wa boma la Kataan akumuuza Kamin kuti sangasamutse anthu chifukwa angoyamba kumene kuponya timaroketi tating'ono. La Forge, injiniya wa Enterprise, nayenso akupeza kuti kachipangizoko kanayenda ndi mafuta olimba, luso lachikale. Ndiye anthu omwewa apanga bwanji cheza choboola zotchinga za Enterprise, n'kulowa mu ubongo wa mtundu wa munthu amene sanamuonepo, n'kulembamo zaka 40? Zili ngati munthu woti njinga ya kabaza ikumukanika kumanga chitsulo cha buleki, koma kuseri kwa nyumba wapanga ndege.

Gift: Aphunzitsi, tikamaonera kanema inu mumakhala ndi choko m'manja eti?

Aphunzitsi a Sayansi (Chipoka): Choko ndiye ndimasiya kusukulu, koma mutu ndimabwera nawo.

Mayi a Tadala: Za nova sindingatsutse, si gawo langa. Koma chachiwiricho ndili ndi yankho. Ndani anati mitundu yonse imayenda njira imodzi? Ife tinayamba ndi moto, injini, roketi, za ubongo tikadali m'mbuyo. Iwo mwina anayambira kwina. Ndipo zimene Picard anaona si mudzi weniweni, ndi mudzi umene iwo anasankha kumuonetsa. Munthu ukamalandira mlendo sumuonetsa kudzala.

Chifundo (Kamuzu Road): Eya! Mwanena nokha amayi. Ndiye kuti Kataan amene tikumulirayu ndi wokonzedwa. M'mudzi monse muja mulibe wakuba, mulibe mkangano wa malire a munda, madzi akusowa koma palibe akumenyana pachitsime. Munaonapo mjigo nthawi ya October? Dziko lonse latifikira ngati kamudzi kamodzi ka makoma oyera, anthu a khungu limodzi, chilankhulo chimodzi. Ena onse a padzikolo ali kuti? Ndani anasankha kuti Ressik ndiye aimire onse?

Aphunzitsi a Sayansi (Chipoka): Funso limenelo anthu enieni anakumana nalo. Mu 1977 NASA inatumiza zombo ziwiri, Voyager 2 pa 20 August ndi Voyager 1 pa 5 September. Chilichonse chinanyamula chimbale chokutidwa ndi golide, ndipo komiti imene inatsogoleredwa ndi Carl Sagan ndi imene inasankha zoikamo: zithunzi zoposa 100, nyimbo za mphindi pafupifupi 90, kulira kwa nyama, mphepo, mabingu, ndi moni m'zilankhulo 55. Nawonso sanaikemo nkhondo kapena njala. Ndipo mudziwe kuti mwa zilankhulo 55 zija muli Chinyanja. Muli mawu a munthu akufunsa anthu akumwamba kuti muli bwanji. Voyager 1 inatuluka m'dera la mphepo ya dzuwa mu 2012, moni wathu uli momwemo.

Gift: Aaa aphunzitsi zoona?? Ndiye akadzayankha kuti tili bwino kaya inu, tidzati chiyani? Tidzayamba kudandaula za mtengo wa feteleza kkkk

Aphunzitsi a Sayansi (Chipoka): Musadandaule, padzapita zaka ngati 40,000 chombocho chisanayandikire nyenyezi ina. Mwina feteleza adzakhala atatsika.

Koma onani kusiyana kwake. Chimbale chimadikira. Wochipeza akafuna amvera, akapanda kufuna asiya, ndipo akhoza kumvetsa anzake miyandamiyanda. A ku Kataan anasankha njira yogwira munthu pakhosi. Pamene Riker analamula kuti chezacho chidulidwe, Picard anatsala pang'ono kufa, Dokotala Crusher akulimbana naye pansi, mpaka Data, loboti ya m'chombomo, anachibwezeretsa. Chinthu choti ukachichotsa munthu afa, dzina lake si mphatso. Pamenepa ndili mbali ya a Chifundo.

Tamandani (Dwangwa): Ndalowa mochedwa, netiweki kuno ikuvuta. Ine vuto langa si limenelo ayi, ndi kakonzedwe ka kanemayo. N'chifukwa chiyani amatibweza pa Enterprise pafupipafupi kukationetsa Picard ali gone? Atangotero koyamba ndinadziwiratu kuti zonse za kumudziko zili m'mutu, mantha onse anathera pompo. Akanatisiya ku Ressik mpaka kumapeto, ifenso tikanayamba kukayika limodzi naye kuti mwina chombo chija ndiye chinali maloto a malungo. Mphindi 45 n'zochepa kale, ndiye akudyanso zina ndi anthu oimirira mozungulira munthu wokomoka.

Mayi a Tadala: Koma kudumpha kwa zaka kumachitikira pomwepo. Tikapita kuchombo n'kubwerera, tipeza mwana wakula, imvi zachuluka. Popanda zimenezo akanadumpha bwanji? Ndiponso kudziwa kumene kuja ndi kumene kumapweteka. Iwe ukudziwa kuti ana awa kulibe, iye akuwakonda.

Tamandani (Dwangwa): Akanangodetsa chithunzi n'kuyatsanso, ife si ana. Chinanso, nkhope ya ukalamba ija anaipaka mopitirira. Chakumapeto amaoneka ngati wavala chigoba.

Nachisale (Lifuwu): Ndikubwezeni pa nkhani imene kwa ine ndiyo mtima wa gawoli, koma olemba, Morgan Gendel ndi Peter Allan Fields, anangoikhudza n'kuthawa. Mkulu wa boma uja.

Ulendo woyamba Kamin akumuuza kuti chilalachi si cha masewera, timange makina okolola madzi kuchokera mumpweya. Bwanayo amwetulira, ati maganizo a nzika iliyonse timawalandira, n'kunyamuka. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi, kumwetulira kumeneko ndimakudziwa, ndipo ndinaseka mowawidwa. Zaka zipita. Mwana wake Meribor akutenga dothi malo osiyanasiyana n'kupeza kuti tizilombo tonse topatsa nthaka moyo tafa. Kamin abwereranso kwa bwana uja ndi umboni m'manja, ndipo pamenepo bwanayo amukokera pambali n'kuvomera kuti akatswiri a boma anadziwa kale zaka ziwiri zapitazo, anangokhala chete poopa chipwirikiti.

Zaka ziwiri! Anthu akubereka ana, akukwatitsa, akudzala mbewu m'nthaka yakufa. Kanemayo akutiuza kuti timumvere chisoni bwanayo, ndipo nthawi yomweyo atithamangitsira kukaona Eline akumwalira kuti tiiwale kukwiya. Palibe m'mudzimo amene anaimirira kufunsa kuti munatibisiranji. Ndipo dziwani kuti boma lomwelo lobisa ndi limene linapanga kachipangizo kaja. Chuma ndi nzeru zonse zinapita pa chikumbutso, pamene Kamin ankapempha kuti asungeko ngakhale mbewu ya moyo wawo penapake. Kuno tili ndi nkhokwe ya mbewu ku Chitedze, dziko lonse lili ndi ina ku Svalbard, m'dziko la Norway, kuyambira 2008. Iwo anasunga chitoliro.

Che Bwanali (Linga): Mbewu ukaisunga udzadzala kuti mwanangu, dziko litapsa?

Nachisale (Lifuwu): Enterprise yomweyo ikanaipeza, madala. M'kabokosi muja munali malo.

Tamandani (Dwangwa): Achemwali mwandikumbutsa 2002. Amene tinali ozindikira tikukumbuka. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, a mipingo ndi mabungwe akuchenjeza miyezi ingapo, koma kulengeza kuti kuli njala kunabwera kumapeto kwa February anthu atayamba kale kufa. Salima anali mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Anthu ankadya zitsinde za nthochi ndi gaga. Ndiye ndikamaona bwana wa m'kanemayo akunong'ona kuti tinadziwa kale, ine chifundo sichindigwira.

Mlonda wa Gulu: Abale, lamulo lachitatu la gulu lino mukulidziwa. Mbiri tikambe, koma mayina a zipani ndi andale asalowe. Pitirizani.

Tamandani (Dwangwa): Sindinatchule munthu bwana.

Aphunzitsi a Sayansi (Chipoka): Pali kusiyana kumene tisakuiwale. Njala ya 2002 inali ndi mankhwala, kudziwa msanga kukanapulumutsa anthu. Chimodzimodzi El Niño wa 2023 mpaka 2024: a zanyengo ananeneratu mvula isanayambe, amene anatha anadzala chinangwa ndi mbatata kapena mbewu zocha msanga, ndipo pa 23 March 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Kudziwa kunali ndi ntchito. Ku Kataan kulibe chinangwa chimene chikanapirira. Ndiye funso la bwana uja ndi lovuta kuposa mmene a Nachisale akulionera: ngati palibiretu chochita, umawauza anthu?

Nachisale (Lifuwu): Umawauza. Moyo ndi wawo. Meribor atadziwa anasankha kukwatiwa msanga m'malo modikira, bambo ake n'kumulangiza kuti nthawi yake ndi inoyo. Anasankha akudziwa. Anzake onse anamanidwa mwayi umenewo. Wina akanaleka kubereka, wina akanapita kukaona abale ake kutali, wina akanakhululukira mnzake ngongole.

Gift: Ine akanandiuza ndikanakatenga ngongole ku banki mkhonde zonse za m'boma muno

Mayi a Tadala: N'chifukwa chake sanawauze, a Gift analiko kumeneko kkkk

Che Bwanali (Linga): Ine chimene chinandikhudza ndi mtengo uja anadzala pabwalo. Chilala chili pakati, aliyense akupatula pang'ono pa madzi ake akumwa kuti kamtengo kakhale moyo. Bwana uja anadabwa kuuona uli wobiriwira. Wina anganene kuti n'kutaya madzi. Koma kuno ku Nkhotakota tili ndi mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake m'zaka za m'ma 1860 pamene ankakambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo. Onse awiri anapita kalekale, mtengo ulipo, ndipo mwana aliyense wa sukulu akafika pamenepo amafunsa, wamkulu n'kufotokoza. Chikumbutso choti aliyense akhoza kukhala pamthunzi pake. Apa ndiye ndikuyamba kumva zimene Chifundo ndi Nachisale akunena. Cha Picard palibe angakhale pansi pake.

Mayi a Tadala: Madala musagonje msanga. A Chifundo akuti nkhaniyi inatayidwa, si zoona kwenikweni. M'chaka chachisanu ndi chimodzi muli gawo lotchedwa "Lessons". Picard akondana ndi mayi wina wasayansi woimba piyano, Nella Daren, ndipo amuimbira chitoliro chija n'kumufotokozera za Kataan, kuti anali ndi mkazi ndi ana. Zikuoneka kuti katunduyo anali naye nthawi yonseyi, amangosowa womuuza. Kwa ine zimenezo n'zoona kuposa kulira pagulu. Alipo azibambo ambiri kuno amene anaika mkazi Lachiwiri, Lolemba ali kuntchito, nkhani n'kudzaitulutsa patapita zaka kwa munthu mmodzi.

Chifundo (Kamuzu Road): Gawo limodzi amayi, patapita pafupifupi chaka, ndipo mayiyo kumapeto kwake achoka pachombo. Munthu mmodzi yekha amene anauzidwa, n'kumuchotsanso. Pamenepo ndiye kukumbukira mtundu wa anthu? Anamupempha kuti akauze ena. Tinamuonapo akulemba buku? Akuphunzitsa ana a sukulu ya m'chombomo nyimbo ija?

Fanizirani ndi Deep Space Nine, sewero lina la Star Trek, gawo la "Hard Time" la 1996. Injiniya wina dzina lake O'Brien amuika m'mutu zaka 20 za ukaidi pa maola ochepa. Nzeru yomweyi. Koma kumeneko nkhani imayambira pamene wadzuka: akubisa chakudya, akugona pansi, akukalipira mwana wake, mpaka afuna kudzipha, Dokotala Bashir n'kumupeza n'kukhala naye. Olemba amenewo anafunsa funso limene a "The Inner Light" analithawa.

Mayi a Tadala: Uyo anamuika m'ndende, uyu anamupatsa banja. Musaphatikize.

Chifundo (Kamuzu Road): Anamupatsa n'kumulanda. Wa kundende akadzuka amathokoza kuti zatha. Uyu akadzuka athokoza chiyani?

Nachisale (Lifuwu): Ndiponyeko za Eline, poti palibe wamutchula bwino. Margot Rose anasewera mokoma, koma taonani ntchito imene anamupatsa. Kuphika msuzi, kudikira zaka zisanu mwamuna akuyang'ana nyenyezi, kupempha mwana, kukumbutsa bambo kuti asunge nsapato zake, kumwalira. Sitikudziwa ngati anali ndi abale, ntchito, kapena mnzake woti n'kucheza naye. Ngati anamupanga dala kuti akhale nyambo yoti mlendo akhazikike, ndiye nkhaniyi ndi yoopsa kuposa mmene tikuganizira. Ngati anali munthu weniweni amene anakhalako, anamuchepetsa.

Mayi a Tadala: Za nsapato zija musazinyoze achemwali. Amene munakhalapo pabanja mukudziwa kuti mawu otsiriza sakhala a m'buku. Amakhala omwewo a tsiku ndi tsiku. Komanso Eline si wofatsa choncho, anamuuza mwamuna wake maso ndi maso kuti watopa kugawana naye ndi chombo chimene sanachionepo. Kamin anapempha chilolezo chomanga chipinda cha mwana pambuyo pa mawu amenewo.

Gift: Funso la ine wosaphunzira. Batai, mnyamata wa Kamin woimba chitoliro uja, wosiya sukulu chifukwa cha nyimbo, bwanji akufanana ndi Picard chipumi?

Chifundo (Kamuzu Road): Ndi mwana weniweni wa Patrick Stewart, Daniel Stewart. Ndipo chitoliro chija chinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku New York mu 2006, pamtengo wa madola 48,000, chonsecho sichilira n'komwe. Mawu amene timamva anajambulidwa padera, nyimboyo anapeka ndi Jay Chattaway.

Gift: 48,000 chitoliro chosalira!! Ine ndili ndi bango lambiri kuseri kuno ku Senga Bay, lolira bwinobwino. Aphunzitsi tawerengerani mu makwacha ndione ngati ndisiye ntchito.

Aphunzitsi a Sayansi (Chipoka): Musasiye. Koma ndibwerere kwa a Nachisale pa makina okolola madzi mumpweya, chifukwa amenewo okha ndiye sayansi yoona m'gawoli. Ku Chile ndi ku Morocco anthu amatchera maukonde m'mapiri kuti agwire nkhungu, madzi n'kumatsikira m'mathanki. Zimatheka pokhapokha mpweya uli ndi chinyezi. Akanamumvera Kamin akanawonjezera zaka zingapo, osati kupulumuka. Ndipo tisamaone ngati madzi kuphwa ndi za m'kanema zokha. Nyanja yathu yomweyi inatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018. Pamene mu 2024 ya kuno inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo m'mphepete monsemu.

Tamandani (Dwangwa): Ife chaka chimenecho ndiye madzi anatipeza m'nyumba, February yemweyo anzathu kummwera akulira ng'amba. Kanema wa dziko louma ndinamuonera ndi mtima wina.

Mayi a Tadala: Ndiye a Chifundo, pa 10 mukupereka zingati? Tisazungulire.

Chifundo (Kamuzu Road): 7. Masewero a Stewart okha ndi 10. Ndachotsa imodzi ya bwana wa boma amene sanayankhe mlandu, imodzi ya dzuwa la aphunzitsi, imodzi ya Riker wosakhala pansi.

Mayi a Tadala: Ine 10, ndipo ya Riker mundibwezere.

Nachisale (Lifuwu): 6.

Che Bwanali (Linga): Ine manambala ayi. Ndidzaoneranso adzukulu akapita kusukulu, amasokosa.

Tamandani (Dwangwa): 8, akanachotsa zobwerera kuchombo zija 9.

Mlonda wa Gulu: Chabwino. Poti a Chifundo ayambitsa okha, Loweruka tionera "Hard Time" kuti tione ngati akunena zoona. A Chifundo muike pa fulashi, musatumize pagulu pano, bandulo ya anthu inatha ndi gawo lapitali. A ku Nkhotakota fulashi ibwera ndi minibasi ya m'mawa Lachinayi, Che Bwanali mutume mdzukulu akaichingamire.

Mayi a Tadala: Muikemonso "Lessons". Asaonetse umboni wa mbali yake yokha.

Chifundo (Kamuzu Road): Fulashi ndi ya 8 GB amayi, mwadzadza kale makanema a ukwati wa achemwali anu. Ndifufute?

Mayi a Tadala: Yesani muone.